Kunena poyera kuti sukhulupirira Mulungu kuno ku Mangochi: uyambire pati, anzako uwapeze bwanji?

Nachisale, admin: Madzulo abwino nonse. Funso ili labwera katatu mwezi uno kuchokera kwa anthu atsopano, ndiye tiyeni tilikambe kamodzi mokwanira. Munthu ali kuno ku Mangochi, kaya pa boma, ku Namwera, ku Monkey Bay kapena ku Makanjira, ndipo mumtima mwake anasiya kukhulupirira kuti kuli Mulungu. Awauze abale kapena angokhala duu? Akafuna kuwauza ayambe ndi ndani? Nanga anzake a maganizo omwewo awapeza bwanji osadziputira mavuto? Malamulo a gulu mukuwadziwa: sitinyoza chipembedzo cha munthu, sititchula maina a anthu, ndipo wotulutsa screenshot kunja timamuchotsa osafunsa.

Che Ajasi: Ndiyambe ndi manambala kuti tidziwe bwalo lomwe tikuvinapo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo amene anati alibe chipembedzo anali pafupifupi awiri pa 100 alionse. Musasangalale msanga, ambiri mwa iwo ndi anthu ongoti sapita kutchalitchi kapena kumzikiti, koma Mulungu amamukhulupirira ndithu. Boma la Mangochi lokha linali ndi anthu opitirira 1.1 miliyoni, ndipo oposa 7 mwa 10 alionse ndi Asilamu. Kuno chipembedzo si cha Ijumaa kapena Lamlungu lokha. Ndi chimene chimanena amene adzakusambitse ukamwalira, amene adzanyamule jeneza kapena bokosi, amene angakupatse mwana wake kuti umukwatire, ngakhale amene angakukongoze shuga pa golosale. Ukanena kuti "ndasiya", abale samva nkhani ya Mulungu. Amamva kuti "ndakusiyani inuyo". Amene wamvetsa zimenezi amalankhula mosiyana kwambiri ndi amene wangoonera mavidiyo a mikangano pa YouTube.

Anaphiri: Mbali ya malamulo ndiyale msanga chifukwa ambiri amaopa zomwe kulibe n'kumapeputsa zomwe zilipo. Kusakhulupirira Mulungu si mlandu m'Malawi muno. Gawo 33 la malamulo oyendetsera dziko limapereka ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo, chikhulupiriro ndi maganizo. Gawo 20 limaletsa tsankho, 32 ndi ufulu wokhala m'magulu, 35 ndi ufulu wolankhula. Palibe lamulo lolanga munthu wochoka m'chipembedzo chilichonse.

Koma Penal Code ili ndi gawo 130. Ukalemba kapena kulankhula mawu, kapena kupanga chizindikiro, ndi cholinga chenicheni chopweteka mtima wa munthu pa chipembedzo chake, ndi mlandu ndipo chilango chake chimafika chaka chimodzi kundende. Magawo oyandikana nalo amakamba za kuononga malo opembedzera, kusokoneza mapemphero ndi kulowerera manda. Palinso lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security lomwe apolisi amagwiritsa ntchito pa zolemba za pa Facebook ndi WhatsApp. Ndiye siyanitsani ziganizo ziwiri izi. "Ine sindikhulupirira kuti kuli Mulungu" ndi ufulu wanu. Chithunzi chonyoza mneneri kapena buku loyera ndi chinthu china, ndipo apolisi asanafike n'komwe pamakhala patasonkhana kale anthu pakhomo.

Mwanyanja: Ine pamenepa ndiye sindigwirizana nanu akuluakulu. Ngati malamulo akutilola, tikunong'onezeranji? A George Thindwa a Association for Secular Humanism, bungwe la anthu osatsatira chipembedzo, akhala akulankhula pa wailesi zaka zambirimbiri, kutsutsa za ufiti, kumenyera agogo omangidwa powanamizira ufiti kuti atuluke. A Wonderful Mkhutche a Humanists Malawi amalemba ndi dzina lawo lenileni. Tikamabisala ndiye anthu azingoti ndife a satana, chifukwa sanaonepo munthu wosakhulupirira amene ali wabwinobwino.

Che Ajasi: Achimwene, mfundo yanu yomalizayo ndi yoona, sinditsutsa. Koma onani kusiyana. Anthu mwawatchulawo ndi akuluakulu odziimira paokha, ali ndi bungwe kumbuyo, ndipo atolankhani amawadziwa. Mnyamata wa zaka 22 yemwe akugona m'nyumba ya amalume ake ku Mpondasi, fizi akulipira amalume omwewo, sali pa mzere umodzi ndi iwo. Asanatsegule pakamwa munthu awerenge zinthu zinayi. Denga lomwe akugonamo ndi la ndani? Ndalama yomwe amadyera imachokera kwa ndani, abwana, makasitomala kapena abale? Banja lake likhala bwanji? Ana ali m'manja mwa ndani? Ngati mayankho onse anayi akuloza kwa anthu amene angakwiye, nthawi sinakwane. Umenewo si mantha, ndi kuwerengera.

Ndipo kwa amuna okwatira chikamwini muonjezepo ichi: malo ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi mlongo wa mayi a mkazi wanu kapena mlongo wa mkaziyo. Mkamwini amasamutsidwa ndi mawu ochepa chabe, nyumba yomanga yekha n'kuisiya pomwepo.

Mphunzitsi Wopuma: Ndionjezere zokonzekera, popeza ambiri amazikumbukira katundu ali kale panja. Sungani ndalama ya lendi ndi chakudya ya miyezi itatu pa malo amene wina aliyense sadziwa PIN yake. Chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE ndi mapepala ena a sukulu, khadi la kubanki, buku la kuchipatala, zonsezi zikhale pamodzi, ndipo muzijambule n'kudzitumizira pa imelo. Pakabuka mkangano chinthu choyamba kubisidwa ndi mapepala, chifukwa abale amadziwa kuti popanda amenewo simupita patali. Dziwaninso khomo limodzi lomwe mungagone masiku angapo, makamaka kunja kwa mudzi wanu.

Ngati muli ndi udindo kumpingo kapena kumzikiti, kaya msungichuma wa mphakati, mlembi wa kwaya, kaya wa komiti ya madrasa, tulani pansi udindowo kaye, miyezi ingapo musananene chilichonse. Buku la ndalama muliwerengetse pamaso pa anthu awiri kapena atatu, asayinire kuti zonse zakwana. Mukalumpha sitepe imeneyi, tsiku lomwe amva kuti mwasiya kupemphera nkhani imasanduka yoti "anathawa chifukwa anadya ndalama", ndipo imeneyo ndi yovuta kuitsuka kuposa ya chikhulupiriro.

Abiti Chande: Nthawi yolankhulira ndiyo imapha anthu ambiri. Osati pa maliro, osati pa sadaka, osati mwezi wa Ramadani kapena pa Idi, osati pa Khirisimasi pomwe mbumba yonse yasonkhana. Osati mutamwa. Ndipo chachikulu: osati pakhomo pali wodwala. Mwana akadwala malungo sabata yomwe mwalankhulayo, matendawo akhala anu. Wina akamwalira mwezi womwewo, maliro akhala anu. Chimodzimodzi ngati mwangogula kumene njinga yamoto ya kabaza kapena mwakhoma malata: dikirani, chifukwa anthu amalumikiza msanga, "wasiya kupemphera, ndalama zayamba kubwera, ndiye kuti walowa za satana". Kumbukirani mphekesera za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, anthu anaphedwa pa nkhani yopanda umboni ngakhale umodzi. Mphekesera siyenda ndi malamulo a Anaphiri aja.

Yambani ndi munthu mmodzi, osati msonkhano. Musankhe amene anasungapo chinsinsi cha wina, osati amene mumamukonda kwambiri. Kawirikawiri ndi mchemwali, msuweni kapena azakhali, si bambo kapena mayi. Mukhale awiri, masana, mukuchita kanthu ndi manja monga kupala nsomba kapena kutong'ola chimanga, kuti maso asamangoyang'anana.

Kondwani wa ku Koche: Mawu ake enieni akhale otani? Chifukwa liwu loti atheist anthu kuno amalimva ngati satanic.

Abiti Chande: Liwu limenelo lisiyeni kaye pa foni. M'Chichewa muli masitepe. "Masiku ano sindikupemphera" ndi sitepe yoyamba, ndipo ambiri amaima pomwepo zaka osavutika, chifukwa osapemphera ndi ambiri m'mudzi uliwonse. "Ndili ndi mafunso omwe sindinapeze mayankho ake" ndi yachiwiri. "Sindikhulupirira kuti kuli Mulungu" ndi yachitatu. Pa sitepe iliyonse muphatikizepo zomwe sizikusintha, ndipo muzitchule chimodzichimodzi: pa maliro ndizibwera, fizi ya mwana wa achemwali ndizilipira, inu sindikuletsani kuswali, ana sindiwaletsa. Mayi akalira, chomwe akuopa ndi ziwiri, moto wa ku gehena ndi manyazi a pamudzi. Za motozo simungawachotse, musayese n'komwe. Za manyazizo mungathe, powalonjeza kuti simukalengeza pamsika.

Akakutchulani kafiri kapena wachikunja, musabweze. Akafunsa ngati mwalowa za satana, yankho lalifupi ndi loti amene sakhulupirira Mulungu sakhulupiriranso satana, ufiti ngakhale zithumwa. Munene kamodzi, modekha, musapange ulaliki.

Mphunzitsi Wopuma: Chotsatira chake chidziwikiretu: akuitanirani a shehe, abusa kapena akulu a mpingo. Musakane kukumana nawo, kukana kumaoneka ngati mwano kwa amene wawaitana. Alandireni, apatseni mpando, mverani. Cholakwika chomwe achinyamata ophunzira amachita ndi kusandutsa ulendowo mpikisano wa mavesi. Mukapambana mwachititsa manyazi munthu wolemekezeka pamaso pa abale anu, ndipo mwadzipangira mdani wa mphamvu. Mukagonja abale ati nkhani yatha, Lachisanu tikuonani. Njira yabwino ndi kuthokoza, kunena kuti mwamva, ndi kupempha nthawi. Chokhacho choyenera kukana mwamphamvu ndi kutengeredwa ku mapemphero ochotsa ziwanda kapena kwa sing'anga mokakamiza, kumwetsedwa mankhwala, kapena kutsekeredwa m'nyumba. Zimenezo ndi za kupolisi.

Mwanyanja: Chabwino, koma zonsezi ndi za kubanja. Funso lachiwiri lija, anzathu tiwapeze kuti? Pa boma pano palibe chikwangwani.

Chembe Boy: Ndipo chisakhalepo kaye. Njira zilipo zitatu zomwe zimagwira. Yoyamba, lemberani mabungwe omwe alipo kale, Humanists Malawi ali pa Facebook, muwafunse ngati akudziwa wina wa kuno. Bungwe labwino silingakupatseni nambala ya munthu, limayamba lamufunsa mwini wakeyo ngati akufuna. Likangokupatsani osafunsa, dziwani kuti yanunso lidzaipereka chimodzimodzi.

Yachiwiri ndi nkhani za pakhomo lolowera. Anthu sanena za Mulungu kwa mlendo, koma za ufiti amanena. Pa bawo, pa shopu yometera, pa kanema wa mpira, nkhani ya gogo wothamangitsidwa m'mudzi ikabuka, mverani amene akufunsa kuti "umboni wake uli kuti?" Ameneyo mwina ndi wopemphera, koma ndi munthu woti mungacheze naye. Lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kunamizira munthu ufiti, ndiye pa nkhani imeneyi mukuima pa malo olimba. Kuchoka pamenepo nkhani imapita ku za aneneri a zozizwitsa, ndipo mumaona nokha pomwe mnzanuyo waimira. Musathamange, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yachitatu ndi malo omwe kuli anthu obwera: ogwira ntchito m'chipatala, aphunzitsi, ophunzira a m'makoleji, ogwira ntchito m'malo ogona alendo kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear. Munthu amene abale ake ali ku Mzimba kapena ku Thyolo amamasuka msanga kuposa mwana wa pamudzi pomwepo.

Che Ajasi: Pa za ku Cape Maclear ndichenjeze. Azungu ambiri obwera kumeneko sapemphera ndipo amanena mosabisa, ndiye anyamata amaganiza kuti apeza gulu. Mlendo ndi mame, sabata yamawa wapita, inu mwatsala ndi mbiri. Mukaoneka pa chithunzi cha gulu ndi azungu, nkhani imakhala yoti "akulipidwa kuti aononge chipembedzo". Chezani nawo, koma misonkhano yanu ikhale yanu.

Kondwani wa ku Koche: Za foni bwanji? Ambiri akuti angogula SIM ina.

Chembe Boy: SIM ina siithandiza monga mukuganizira. Manambala onse amalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Munthu akaona nambala yanu pa gulu la WhatsApp, amangoyesa kukutumizirani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, dzina lanu lonse limatuluka, iye n'kusiya osatumiza. Masekondi khumi basi. Kulembetsa SIM m'dzina la wina ndi kudziputira mlandu wina. Ndiye gulu la anthu osadziwana lisakhale pa WhatsApp. Telegram imalola kubisa nambala, Signal nayo kuyambira 2024 ili ndi ma username. Zimadya bandulo yapadera chifukwa mabandulo otsika mtengo ambiri ndi a WhatsApp ndi Facebook, koma mameseji a mawu okha sadya zambiri.

Ngati mwakakamira WhatsApp chifukwa mumadziwana kale, chitani izi. Dzina la gulu likhale losakopa maso, monga la bawo kapena la mpira, chithunzi chimodzimodzi. Admin ayatse zoti wolowa aliyense avomerezedwe kaye, ndipo link ya gulu aisinthe munthu akangolowa. Mameseji azifufutika okha, pali maola 24, masiku 7 ndi masiku 90, masiku 7 ndiye abwino. Zimitsani zoti zithunzi za gulu zizilowa mu gallery, chifukwa ana akabwereka foni kuti asewere amayambira kumeneko. Zimitsani zoti meseji izioneka pa sikirini foni ili yokhoma, makamaka ngati mumatchajitsa pa shopu. Ikani PIN ya manambala 6 ija ya two-step.

Pa Facebook, like ndi comment pa tsamba la poyera zimaonekera kwa anzanu, ndi m'mene ambiri amagwidwira asanakonzeke. Ndipo post ya anonymous m'gulu, ma admin amaona dzina lanu.

Anaphiri: Ndipo zonsezi sizitseka screenshot, kapena kujambula sikirini ndi foni ina. Lembani chilichonse ngati kuti chidzawerengedwa pabwalo la mfumu. Ku Nigeria Mubarak Bala, mtsogoleri wa bungwe la anthu osakhulupirira Mulungu, anamangidwa mu 2020 chifukwa cha zolemba za pa Facebook, ndipo mu 2022 khoti la ku Kano linamupatsa zaka 24, zomwe zinachepetsedwa pa apilo. Malawi si Kano, malamulo athu ndi ena, koma njira yake ndi yomweyo: mawu olembera anzako khumi amakafika kwa anthu zikwi atadulidwa mutu ndi mchira.

Nachisale, admin: Za kukumana maso ndi maso, amene mwayendetsapo timagulu tiuzeni zomwe zimagwira ndi zomwe zimagwetsa.

Che Ajasi: Munthu watsopano asalowe pa gulu tsiku lomwelo. Akumane kaye ndi anthu awiri akale, masana, pa malo a anthu ambiri, pa chipisi kapena pa tiyi. Cholinga si kumuyesa ngati sakhulupiriradi, ndi kuona ngati amasunga pakamwa. Amene pa ulendo woyamba akufunsa kuti "mulipo angati, ena ndi ndani, amagwira kuti", mudikireni. Osakwana zaka 18 ayi, ngakhale atachonderera, chifukwa kholo likadandaula kuti mukusokoneza mwana palibe amene adzakumvereni.

Gulu lokumana lisapitirire anthu 6 kapena 8. Masana okhaokha, 10 koloko mpaka 2 koloko. Kukumana usiku, kunyanja, kapena m'chipinda cha resthouse chotseka chitseko, ndi kudzilembera nokha mbiri ya satana. Khalani poyera ngati anthu ocheza, bawo pakati, Fanta m'manja. Kamodzi pamwezi n'kokwanira, ndipo muzisinthasintha malo chifukwa boma lathu ndi lotambalala: Monkey Bay ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchoka pa boma, Namwera ndi kukwera mapiri, ndipo wa ku Makanjira nthawi ya dzinja musamuyembekezere mwezi uliwonse.

Ndalama ndiyo imagwetsa magulu ambiri. Pasakhale alawansi, aliyense adzilipirire, ndipo ngati mukusonkherana thiransipoti ya wochokera kutali, zilembedwe m'kabuku koonedwa ndi onse. Mphekesera yoti kuli alawansi ikangomveka, mwezi wotsatira mupeza anthu makumi awiri, theka lawo atangochoka kumapemphero.

Abiti Chande: China chomwe chimagwetsa magulu, ndinene mosabisa: amuna kuyamba kufunsira mkazi aliyense wolowa. Akazi osakhulupirira alipo, koma amalowa sabata imodzi, inbox yadzaza, n'kutuluka. Ndipo kwa mkazi mtengo wake ndi wokwera kale. Mwamuna akasiya kupita kumzikiti anthu amati ndi ulesi. Mkazi akavula mpango, kapena akasiya yunifolomu ya Mvano kapena Dorika, mudzi wonse waona tsiku lomwelo, ndipo dzina lomwe amapatsidwa si la chikhulupiriro, ndi la uhule. Banki mkhonde imayamba ndi pemphero, ndipo mamembala ake ndi omwewo a kumpingo. Ndiye mkazi akasankha kupitiriza kuvala monga kale, amuna a pagulu musamuweruze kuti ndi wachiphamaso. Mkazi watsopano akumane ndi mkazi mnzake poyamba.

Anaphiri: Zikafika poipa, makomo ogogoda ndi awa. Kumenyedwa, kuopsezedwa kapena kuthamangitsidwa m'nyumba ndi wa m'banja: Victim Support Unit ku polisi, ndipo lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limalola khoti la majisitireti kupereka chiletso chokutetezani. Mukavulazidwa tengani kalata ya kupolisi mupite kuchipatala tsiku lomwelo, lipoti la dokotala ndiye umboni. Mameseji oopseza musafufute, ajambuleni nambala ndi tsiku zikuoneka. Za ana, khoti limayang'ana ubwino wa mwana, silichotsera kholo mwana chifukwa choti silipemphera. Kuchotsedwa ntchito: Employment Act ya 2000 imaletsa tsankho la chipembedzo, yambani ku ofesi ya Labour, zikakanika ndi Industrial Relations Court. Pemphani kalata yochotsedwera ntchito yolembedwa chifukwa chake, popeza abwana ambiri sadzalemba za chipembedzo, adzati mumachedwa. Choncho miyezi imeneyo musachedwe ngakhale tsiku limodzi. Amene mumagwira pa sukulu kapena chipatala cha mishoni, werengani kontirakiti yanu kaye, ina ili ndi mfundo za khalidwe logwirizana ndi mpingo. Opanda ndalama ya loya, kuli Legal Aid Bureau, kulinso Malawi Human Rights Commission.

Tizinthu tiwiri tomwe ambiri sadziwa. Kukhoti simukakamizidwa kugwira Baibulo kapena Korani, mumangouza kalaliki kuti mukufuna kulonjeza kunena zoona popanda kulumbira, ndipo umboni wanu umalemera chimodzimodzi. Ukwati nawo, lamulo la 2015 la maukwati limavomereza wa kwa DC, wa chikhalidwe wa ankhoswe, ndi wa chipembedzo. Wa kwa DC sufuna shehe kapena m'busa, koma chidziwitso chimakhomedwa poyera masabata angapo, ndiye si njira yobisalira.

Kondwani wa ku Koche: Nanga ana kusukulu? Pa assembly amapemphera tsiku lililonse.

Mphunzitsi Wopuma: Pemphero la pa assembly musalimbane nalo, mwana aime mwaulemu basi. Mukapita kukakangana ndi ahedi, amene azinyozedwa pa break ndi mwanayo, si inu. Ku sekondale Bible Knowledge ndi phunziro losankha pa MSCE. Ndipo makhoti amateteza ana a zikhulupiriro zochepa: mu 2023 High Court ku Zomba inalamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Ngati mwana wakanizidwa malo kapena kulangidwa chifukwa cha maganizo a kholo, pamenepo ndiye polemba kalata. Za madrasa kapena Sande sukulu mugwirizane ndi mnzanu wa m'banja muli awiri, ana asakhale chingwe chokokerana. Muwaphunzitsenso kuti nkhani za m'nyumba sizituluka, chifukwa mwana wa Sitandade 2 akanena kuti "adadi amati kulibe Mulungu", pofika madzulo zamveka kuchigayo.

Mwanyanja: Funso lomwe aliyense amaopsezedwa nalo: "adzakuika ndani?"

Che Ajasi: Limenelo ndi funso lenileni, osaliseka. Manda a kumudzi ali m'manja mwa mfumu, ndipo okumba ndi adzukulu, anthu a mudzi womwewo. Mpingo ukhoza kukana mwambo wake, kwaya osaimba, shehe osaswalitsa, koma kukumba ndi kuika ndi ngongole ya pamudzi, ndipo imabwezedwa kwa amene anaikongoza. Choncho wosakhulupirira ayenera kukhala woyamba pa maliro a ena. Gonani pa siwa, gwirani khasu, tolani nkhuni, perekani chipepeso dzina lanu lilembedwe m'buku. Nthawi ya pemphero khalani chete, vulani chipewa, osatuluka, osagwira foni. Pa msonkhano akakuuzani kuti mutsegule ndi pemphero, "ndipempha akulu atitsogolere" imakwana, palibe amene amakana ulemu umenewo. Mwezi wa Ramadani musadyere pa msewu pamaso pa ofunga, ndipo futali akakuitanirani pitani. Nyama ya nkhumba isalowe m'miphika ya pakhomo la Chisilamu, ngakhale inu mulibe nayo vuto, chifukwa imeneyo ndi nkhani yomwe sikhululukidwa msanga.

Anaphiri: Amene akuti alemba mu wilo kuti asadzapemphereredwe, dziwani kuti wilo amawerengedwa maliro atapita kale. Kwa Asilamu munthu amaikidwa tsiku lomwelo kapena mawa lake, pepala lili mu sutikesi. Wilo ndi wa katundu: lamulo la 2011 limafuna kuti alembedwe, musayinire pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mbonizo zisakhale zolandira kanthu mu wiloyo. Lembani ndithu, chifukwa amateteza mkazi ndi ana kwa olanda katundu. Koma za mwambo wa maliro muuzeni mwini mbumba ndi mkazi kapena mwamuna wanu muli moyo, ndipo muvomereze kuti akhoza kuchita zina.

Mwanyanja: Ndiye kuti pamapeto pake adzandisambitsa ndi kundiswalira ngati sindinanene kanthu?

Abiti Chande: Mwina, achimwene. Koma ngati mukunenadi kuti wakufa samva, dua ya amayi anu ikupwetekani pati? Ena pagulu pano amaona kuti ndi nkhani ya ulemu, kuti munthu aikidwe monga anakhalira, ndipo sindikuwatsutsa. Ine ndingasankhe kulimbikira za sukulu ya ana ndi wilo, za sandazo ndiwasiyire olira.

Mwanyanja: Pamenepo sitigwirizana, koma ndamva. Nanga tikafuna kulembetsa gulu kuti tizichita zinthu poyera, monga kuthandiza agogo onamiziridwa ufiti?

Anaphiri: Anthu 6 ocheza pa bawo safuna chilolezo cha wina aliyense. Kulembetsa kumafunika mukafuna akaunti ya kubanki m'dzina la gulu kapena kulandira thandizo. Pamenepo pamafunika malamulo a gulu olembedwa, komiti, ndi maina enieni ndi ziphaso za atsogoleri, ndiye muyambe mwapeza anthu atatu kapena anayi okonzeka kudziwika. Bungwe lofuna kugwira ntchito ngati NGO limalembetsanso ku NGORA, bungwe la boma loyang'anira ma NGO, ndipo pali ndalama zolipira chaka ndi chaka ndi malipoti. Kwa kagulu ka pa boma n'kosavuta kugwira ntchito pansi pa bungwe lolembetsa kale. Msonkhano wa pabwalo kapena ulendo wa mumsewu umafuna kudziwitsa DC maola osachepera 48 usanachitike. Ndipo pa nkhani ya agogo musapite nokha m'mudzi, dzerani kwa mfumu, apolisi a m'dera ndi a Social Welfare. Mudzapeza kuti mashehe ndi abusa ena ali mbali yanu pa nkhani imeneyo, atengeni, mawu awo amamveka kuposa anu.

Chembe Boy: Pa 21 June pamakhala World Humanist Day, tsiku la anthu oika umunthu patsogolo osadalira chipembedzo. Ngati tikufuna poyambira, tsiku limenelo tikhoza kukapereka magazi kapena kukasesa pa chipatala, opanda ma T-shirt, opanda chikwangwani.

Nachisale, admin: Za June tikambirana padera, zikufunika wolemba kalata ku chipatala. Atsopano atatu aja, aliyense alandira meseji kuchokera kwa ine kapena Abiti Chande, musayankhe wina aliyense wodzitcha admin. A ku Namwera mwezi uno ndi inu olandira, Loweruka lachiwiri, 10 koloko, malo tiuzana Lachisanu madzulo. Che Ajasi, bawo lija musaiwalenso.